Nyenyezi Yopanda Kanthu

Pulofesa ankapukuta magalasi ake a m'maso ndi kampango pamene mlamu wake anagogoda. Kampango kameneko kanali kotchuka pamalopo. Kankapukuta thukuta, nsapato, kompyuta, chilichonse chimene mwini wake wachiona ngati chada.

"Lowani, alamu. Koma mwachangu."

Mlamuyo analowa ndi envulopu ya khaki m'manja, n'kuima pafupi ndi chitseko ngati wodzapempha ganyu. Anali mchimwene wa mkazi wa Pulofesa. Kwa zaka makumi awiri ndiye ankasamala makina a telesikopu yoonera nyenyezi imene inali pamwamba pa ofesiyo, ndipo mwezi wamawa ankapuma pantchito.

Ntchito ya pamalopo inali kuyeza kuwala kochokera ku mapulaneti ndi ku miyala ikuluikulu yozungulira dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kumanjenjemera mbali zonse, koma kukagunda mwala n'kubwerera, kwina kumapendekera mbali imodzi. Ukayeza kupendekerako umadziwa ngati mwalawo uli wa fumbi, wa chitsulo kapena wa madzi oundana. Miyala ya mtundu umene ankayeza inkaonetsa magawo awiri kapena atatu pa zana. Sabata imeneyo mwala wina unaonetsa khumi ndi anayi.

Khumi ndi anayi, anthuni! Pulofesa anatha masiku atatu akuyenda ngati pansi si pake. Lipoti linali pakompyuta, lokonzeka kupita kwa akatswiri anzake a m'maiko onse, kuti nawonso aloze matelesikopu awo pa mwalawo aone okha. Pamwamba pake panali maina awiri.

Chimene mlamu wabwerera ankachidziwa. Mkazi wake anali atamugonthetsa nacho m'kutu kunyumba: achimwene akufuna dzina lawo lioneke papepala kamodzi kokha asanapume, adzukulu adzakhale ndi choloza. Dzinalo analilembadi, koma osati chifukwa cha chifundo, ayi ndithu. Pulofesa anali munthu wosunga mangawa. Sabata yathayo kutabwera alendo, iye anaona fumbi pa kalilole wa m'makina n'kutulutsa kampango, mlamuyu n'kumugwira mkono pamaso pa anthu, amvekere, "Musakhudze!" Kumugwira iyeyo! Pulofesa anapukutabe, kawiri konse, kuchokera pamwamba kutsikira pansi, alendo n'kuseka. Koma mkonowo unkamuyabwabe mpaka lero.

Ndipo ndani womugwira mkono? Munthu woti luso lake lonse n'kuyeza nyenyezi yopanda kanthu! Kumwambako kuli nyenyezi ina imene kuwala kwake sikupendekera konse. Amaiyeza pofuna kuona ngati makina ali bwino, monga wogulitsa nyama amayamba waona sikelo asanaikepo kanthu, ndipo imayenera kuonetsa ziro. Chichokereni alendo aja Pulofesa anali atailetsa ntchito imeneyo. Ankati n'kutaya nthawi kuyeza ziro usiku ndi usiku.

"Alamu," anatero mlamuyo, "musanatumize, muyambe mwawerenga izi."

Pulofesa analandira envulopuyo ndi zala ziwiri, n'kuiika patebulo, n'kukhazikapo kapu ya tiyi.

"Makalata odandaula ndimawerenga ndikatha kumwa. Tasenderani kuno, muone dzina lanu."

Mlamuyo anasendera. Linalipo ndithu, lachiwiri, zilembo zonse bwinobwino. Analiyang'anitsitsa kukamwa kuli yasa.

"Lakongola eti?" anatero Pulofesa. "Liyang'aneni mukhute."

Kenaka anaika chala pabatani n'kuyamba kufufuta, chilembo chimodzichimodzi, mosapupuluma, maso ali pankhope ya mlamu wake. Mtima wake unali mbee. Ankafuna misozi, ndipo m'maso mwa mkuluyo munalengezadi timadzi.

"Ndakupatsani ntchito, ndakudyetsani kudzera mwa mlongo wanu, lero mufunanso dzina? Wosesa m'kalasi salembedwa pa satifiketi, alamu."

Mlamuyo anayang'ana envulopu ili pansi pa kapu, n'kuyang'ananso pamene panali dzina lake.

"Ndiye kuti ine palibepo paliponse?"

"Ngakhale m'munsi mwenimweni."

"Ntchito yonseyi ndi yanu nokha?"

"Kuyambira pa kalilole mpaka pa nambala yomaliza. Ndalemba momwemo, mutha kuwerenga."

Mkuluyo anawerenga. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kubweza dzanja lake limene linali litayamba kulowera ku envulopu ija.

"Chabwino, alamu. Tumizani."

Pulofesa anadina batani mwamphamvu, kompyuta n'kulira kamodzi. Lapita! Mlamuyo anati zikomo, anatuluka, n'kutseka chitseko mwaulemu ngati wosiya mwana ali m'tulo.

Pulofesa anamaliza tiyi wake mosathamanga. Kalatayo ankafuna akaiwerenge mokweza kunyumba pa chakudya, mkazi wake akumva, ndiye anati ayambe wailawa yekha. Anachotsa kapu, anapukuta kudontha kwa tiyi ndi kampango, n'kung'amba envulopu.

Munalibe dandaulo. Munali kapepala ka m'makina, ndi mizere iwiri yolemba pamanja: "Dzulo ndinaba mphindi khumi, ndinayeza nyenyezi yopanda kanthu ija. Nayonso ikuonetsa khumi ndi anayi, ndipo kalilole ali timizere tokhatokha, kuchokera pamwamba kutsikira pansi."

Pulofesa anayang'ana kampango kali m'dzanja lake. Pakompyuta panali patalowa kale yankho loyamba: anzake ankamuyamikira iye yekha, ndipo ankati madzulo omwewo aloza matelesikopu awo.