Beseni la ku Lisungwi

Mkulu wofufuza zakale atafika ku Mgona ndi wailesi yake ya kaseti, anapeza a Wilkins akuwotha moto pakhonde.

"Bambo, ndabwerera beseni lija munkapetera golide ku Lisungwi. Mgodiwo unagumuka kalekale. Chatsala ndi inuyo ndi besenilo."

A Wilkins analoza mbaula. Mpongozi wawo, Vaileti, anali atapereka besenilo kwa wokhoma zidebe, amene analiboola n'kuliika miyendo.

"Linkangochita dzimbiri kunsi kwa bedi," anatero Vaileti, akuwonjezera makala.

Mlendoyo anagwada. Nambala ya mgodi inkaonekabe m'mphepete, itadulidwa pakati.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndikupeta mchenga, silinandipatsepo kanthu," anatero a Wilkins, manja ali pamoto. "Pano ndiye layamba ntchito."