Kampango ka NyaMhone

Ng'oma za chilimika zitakolera pamsika wa Chintheche, atsikana anawakokera m'bwalo agogo NyaMhone. Gule wa chaka chatsopano sakanidwa. Agogowo anathyola dansi, nthungululu zili ponseponse, ndipo mwachizolowezi anakweza kampango kawo koyera kam'manja m'mwamba.

Mkono wa bulauzi unatsetsereka mpaka pachigongono.

NyaChirwa, mnzawo wakutchalitchi amene ankavina pambali pawo, anaona mikwingwirima yakuda.

"Ama, ichi n'chiyani?"

"Ndinaterereka pamwala ponyika chinangwa," anayankha akuseka, phazi losaphonya ng'oma.

"Mwala wake wa zala zinayi?"

NyaMhone anayang'ana mwana wawo Bryson, amene ankaimba ng'oma yaikulu, thukuta lili kamukamu, khamu lonse likumuchemerera. Manja amenewo ankawasambitsa okha ali khanda. Akangomutchula dzina, apolisi n'kumutenga, usipa adzawabweretsera ndani? Nanga kutchalitchi adzati anabala chiyani?

"Tavinani, inu," anatero.

NyaChirwa anawakoleka mkono. "Ndivina. Koma lero mukagona kwanga, ndipo mawanso. Ndaphika nsomba ya batala."

NyaMhone sanakane. Anangosinthira kampango kudzanja linalo, n'kukakweza kuposa atsikana onse.