Tenda ya chambo

"Tenda yopereka chambo kusukulu ya boma ndi yanga," anadzitama Fanuel pagombe la Senga Bay. "Mabwato atatu ndili nawo. Makhadi a chipani ndagulira banja lonse, ndi mwana ali m'mimba yemwe. Angandipose ndani?"

"Dikirani mayina atuluke kaye, bambo a Eliza," anatero mkazi wake, akutembenuza nsomba pathandala.

Lachisanu kunatulukira Lawson, telala wa paboma, mlamu wake wa tcheyamani wa chipani. Anali mu suti, kalata ya chidindo ili m'manja.

"Odi akuluakulu! Tenda ija andipatsa ine. Lolemba akufuna madengu khumi, ndiye mundigulitse." Anasuzumira pathandala n'kuloza mlamba. "Chambo chake ndi chimenechi, eti?"