Chidendene pa Nsalu ya Mgonero

Panali munthu wina, atsikana, amene lero lomweli wagwada m'matope pamaso pa mdani wake, misozi chuchuchu! Dikirani ndiyambe bwino.

Mayiyu ankamutchula Aleluya, chifukwa akayamba kupemphera m'mawa ngakhale atambala ankamusiyira bwalo. Kutchalitchi ndiye ankachapa nsalu zoyera za patebulo la Mgonero. Pakhomo loyandikana naye panali mayi woluka tsitsi, ndipo awiriwa sankamwerana madzi. Mlandu wake? Chingwe choyanikira matawulo cha woluka tsitsi chinamangidwa pamtengo wa Aleluya, kuseri kwa nyumba.

Ngakhale pemphero linasanduka mwala wogendera.

“Ambuye, kanthani oluka tsitsi pa Sabata!” ankafuula Aleluya, pawindo penipeni.

“Ambuye anuwo si ogontha, mayi, tsitsani mawu!”

“Mfiti iwe!”

“Mngelo wa pakamwa!”

Mwamuna wa Aleluya, kalipentala wofatsa, anayesa kumulangiza. “Amake mwana, Mgonero wayandikira. Kayanjanani kaye ndi mnzanuyo.”

“Mnzanga uti? Pitani mukapale matabwa anu uko.”

Ndiye lero m'mawa Aleluya anachapa nsalu zija, n'kuziyanika kutsogolo kwa nyumba, n'kupita kumsika. Posakhalitsa mwininyumba anayatsa zinyalala, utsi wakuda bii. Woluka tsitsi ataona mwaye ukugwera pansaluzo anang'ung'udza, “Mwini wake ndi njoka, koma nsaluzi n'za Mulungu.” Anazianula n'kukaziyanika kuseri, pachingwe chake chija.

Aleluya pobwera anadzera kanjira ka kuseri. Anangoona zoyera mbee zikulendewera pamtengo wake.

“Matawulo a nsabwe pamtengo wanga? Lero ndiye lero!”

Anathamangira mpeni, chingwe chija duu! Zonse zinagwera pamatope pomwe amatayirapo madzi ochapira. Sanakhutire. Anakwerapo, n'kumaponda.

Woluka tsitsi anatuluka, chipeso chili m'manja. “Pondani, mayi wopemphera! Pondaninso apo! Mawa mukayale matope anuwo pamaso pa abusa.”

Aleluya anayang'ana pansi. Kunsi kwa nsapato yake kunali mtanda wopetedwa ndi ulusi wofiira.

“Waziyika apa ndani?”

“Mfiti ija,” anayankha woluka tsitsi. “Imazithawitsa utsi.”

Atsikana, Aleluya anangogwada! Pompo pamatopepo. “Achemwali, ndakulakwirani. Ndakunyozani pamaso pa anthu, ndakunyozani mpaka m'pemphero. Ndikhululukireni.”

“Ee, lero ndakhala achemwali? Dzukani apo, mukudetsa chitenje. Katengeni beseni, sopo ndili naye. Koma mukangoyamba kundilalikira, ndikusiyirani nokha.”

Anachapa awiriwiri, wina kufikisa, wina kutsukuluza, kalipentala akulumikiza chingwe chija mwakachetechete. Matope onse anachoka kupatula pakona imodzi, pomwe chidendene chinadinda. Woluka tsitsi anati apindire mkati, palibe angaone. Aleluya wakana! Wati akayala momwemo, ndipo akaimirira yekha n'kuuza mpingo mwini phazilo.

“Ndiye ndibwera,” anatero woluka tsitsi, “ndikamve ngati pakamwa pamenepo pamatulukanso zoona.”

Phunziro: Usanapinde mawondo kwa Mulungu, yamba wagogoda pakhomo la mnzako, chifukwa amene ukumutemberera mwina ndiye akukuanulira nsalu. Tumizani nkhaniyi kwa onse a m'kalasi ndi a kwaya, osaisunga! Ndipo mawa mulawire, atsikana, mukhale kutsogolo, mudzadzionere nokha chidendenecho.