Mpando wa Kutsogolo

Chikwama chinali chotsegula pabedi. Mayi ankalongedza pang'onopang'ono ndi dzanja lamanzere, poti lamanja ankati linatha ndi khasu. Kunja kunkatentha, koma juzi yawo yakuda sanavule.

Mwana wawo wamkazi anakhala pampando wa pawindo, duku lili pamiyendo. Mutu wake unali mbee, wopanda tsitsi, mikono yatsala mafupa okhaokha. Chibwerereni kuchipatala dzulo, sanalawe kanthu.

Adokotala analankhula motsitsa mawu, akuyang'ana onse awiri. Anati khansa yafalikira, chimene chatsala n'kuchepetsa ululu basi. Anawapatsa botolo la mankhwala amadzi, nati ndi bwino kupita kwawo, kumene kuli abale. Botololo mayi analikulunga m'nsalu n'kuliika pamwamba penipeni, posavuta kutenga.

Mayiwo anabwera m'tauni mvula itangoyamba, munda atausiya m'manja mwa aneba. Anamwino anali atafika kufakitale kumene mwanayo ankasoka zovala, kudzapima akazi onse, ndipo anamupeza ndi kachotupa kangati nyemba m'bere. Kuyambira pamenepo mayi ndiwo anali miyendo yake. Ankagona pansi pa bedi lake muwodi, kumugwirira beseni akamasanza, kumusesera tsitsi likamathothoka. Odwala ena ankawakonda chifukwa cha pakamwa.

“Matenda anu a m'tauni awa,” ankatero. “Mumadya za m'zitini. Kwathu kulibe khansa, ine sindinamvepo.”

Sabata yatha nesi wina anawaitanira pambali, nakhala nawo m'kachipinda nthawi yaitali. Anatuluka maso ali pansi. Kuchokera tsiku limenelo nthabwala ija sanainenenso.

“Amayi,” mwanayo analankhula tsopano, mawu atasasa, “kumudziko kuli chiyani? Kachipatala kaja ka sikelo ndi mapiritsi a malungo?”

“Kuli anthu, mwanawe. Kuno munthu ukamwalira, aneba amangotsitsa wailesi pang'ono.”

“Tikanakhalako mwezi umodzi. Mwina adokotala ena...”

“Wamva wekha zimene anena. Tisavutitse ana a eni.”

Mwanayo anapotokola duku lija m'manja mpaka zala zinayera.

“Paja munkati kwathu kulibe khansa.”

Mayi anasiya kupinda. “Ndinkatero.”

“Nanga azakhali aja anataya magazi chaka chathunthu, anthu n'kumati awalodza? Nanga amayi aja a kuchigayo, amene ngakhale madzi ankawakanirira pakhosi? Agogo ndi bala lawo losapola lija? Inali chiyani?”

“Anangodwala.”

“Anangodwala chiyani, amayi?”

Mayi anakhala m'mphepete mwa bedi. Anayang'ana mapazi awo ong'ambikang'ambika.

“Akanawapima ndani? Kuno matenda mumawapatsa dzina, mumawalemba. Kwathu timangoti wagona, kenako timati watisiya.”

Pamsomali wa kuseri kwa chitseko panali yunifolomu ya kufakitale. Mayi anaichapa n'kuisita m'mawa, ngakhale mwanayo anawaletsa. Mwanayo atadzuka kuti aitsitse, mayi anapukusa mutu.

“Imeneyo isiye pomwepo. Kumudzi ilibe ntchito.”

Kenako anapisa m'thumba la juzi, natulutsa chipeso chawo chamtengo, chothyoka dzino limodzi, chimene ankamupesera ali kusukulu. Anachiika pawindo, pafupi ndi kagalasi. Mwanayo anachiyang'ana, nagwira mutu wake wosalala. Misozi inayamba kutsika yokha, osafuula.

“Usalire, ungadzutse mutu. Ulendo ndi wautali.”

Anamumanga duku okha, movutikira, mfundo akukoka ndi mano. Inapendekeka. Onse awiri anaiona pagalasi, koma palibe anaikonza.

Hutala inalira panja. Dalaivala wa galimoto ya hayala anagogoda n'kusuzumira, chipewa chili m'manja. Anali bambo wamkulu, wozolowera maulendo otere. Anayang'ana chikwama, botolo lotuluka m'nsalu, kenako mtsikana wa duku lopendekeka, ndipo anatsitsa mawu.

“Mpando wa kutsogolo ndaugoneka, ndaikapo ndi pilo. Msewu wa kwanuko ndi wa mabampu, koma tiyenda bwinobwino.” Anayandikira pawindo, nawerama. “Gwirani phewa langa, achemwali. Osafulumira.”

Mwanayo sanaligwire. Anaimirira yekha, natenga chikwama m'dzanja la mayi ake. Iwo anali chiimire, mkono wamanja ataupanikiza pachifuwa, pamene juzi inabisa nsanza zimene ankamangira bala kuyambira asanachoke kumudzi.

“Khansa yanga anaipeza msanga, bambo. Ine andiuza kuti ndachira,” anatero. “Kutsogoloko akhale amayi.”