Chimanga Chofiira cha Lufeyo

Chikhazikitsireni lamulo loti chimbudzi chilichonse chiziyeza mkodzo wa abambo, Lufeyo anasiya kulowa m'chimbudzi cha pakhomo. Kababu ka pachitseko kakayaka mofiira, galimoto yopanda dalaivala ya bungwe lolimbana ndi khansa ya abambo, matenda aja amatseka njira ya mkodzo, inkabwera kudzakutenga. Ambiri ankabwerako atachira, koma iye anali mkamwini, ndipo chimbudzicho chinayang'anizana ndi khonde la apongozi ake aakazi. Ndiye ankakataya madzi kumapeto kwa munda, akudontheza pang'onopang'ono atalumanitsa mano.

Chaka chimenecho bungwelo linagawa mbewu yatsopano, likunyadira pa wailesi kuti tsopano palibe bambo amene adzamwalire osayezedwa.

"Akuti mbewu imeneyi imamva," anatero mkazi wake Esinala tsiku lobzala.

Chimanga chitakhwima, munda wonse unali wobiriwira, kupatula pamalo pake paja. Pamenepo masamba anali ofiira ngati magazi. Lufeyo anazula mapesiwo n'kuwakwirira.

Atafika kunyumba anapeza apongozi ake, amene sankalankhula naye maso ndi maso, atagwada chapatali. Mayiwo anaika pansi chimanga chimodzi chosendasenda, njere zake zonse zofiira, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

"Esinala, uwauze apongozi angawa kuti ndinaona kale. Bambo ako ankabisala chomwechi, ndipo ndinawaika m'manda. Wachiwiri ayi."

Pansi pa mtengo wa mango galimoto ija inali itaima kale, chitseko chili chotsegula.