Chitseko cha Mbali Inayo

Mmisiri wa mawotchi anali atatsala pang'ono kumaliza kachifanizo ka bogi yonyamula katundu ya sitima zamakedzana, kotalika ngati buledi. Ankatsatira chithunzi chakale choonetsa mbali imodzi yokha. Mbali inayo anangoyerekeza, ndipo zinkamudya mtima.

Guluu atamuthera, anauyamba wa kugolosale kutada, akuimba mluzu.

Podutsa pomwe njanji inazulidwa kalekale, anapeza nkhalamba itanyamula nyali.

"Mwanawe, chitseko cha mbali inayo chimakankhidwira kumanzere," inatero. "Wachilakwitsa."

Mmisiriyo anathokoza kwambiri, nabwerera akumwetulira kukauza mkazi wake.

"Bambo a mwana," anatero mkaziyo, "kabogiko mumakatsekera m'kabati, ngakhale ineyo simundionetsa. Agogowo anakaonera kuti?"

Kuchipinda kunamveka kachitseko ka kabogi kaja kakukhwekhwereza, pang'onopang'ono.